Thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere ku Nchalo: ndiyambe kugula chiyani?

Bambo a Tadala, Nchalo: Akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano. Lero ndabwera ndi nkhani yosiyana ndi za maiwe zomwe timakambirana masiku onse. Ndikufuna kuika thanki ya galasi pabalaza, ya nsomba za m'nyanja yamchere, zamawangamawanga zija. Wodula magalasi ku Limbe akuti atha kundipangira ya masentimita 100 m'litali, 50 m'lifupi, 50 msinkhu, ndiye kuti malita 250. Ndalama sindingatulutse zonse kamodzi. Choyamba kugula n'chiyani, chomwe chingadikire n'chiti? Pa YouTube aliyense akutchula zake, mutu wazungulira.

Mlimi wa ku Ngabu: Madzi amchere mukuvutikiranji achimwene? Bwerani ndi zigubu kuno. Mjigo wa kuseri kwathu sopo sachita thovu, tiyi amakoma ngati mwathiramo ndiwo. Tikupatsani ulere 😂

Mayi a Chikondi, Nsanje: Ine ndimayesa nthabwala koma funso limeneli ndinali nalodi. Popeza mijigo yambiri kuno kuchigwa ndi yamchere kale, sizingatheke?

Aphunzitsi a sayansi, Chikwawa: Ayi mayi, sizingatheke. Lilime lathu limamva mchere ngakhale utakhala gramu imodzi yokha m'lita. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magramu 35 m'lita imodzi. Komanso nkhani si kuchuluka kokha. M'madzi a m'nyanja muli magnesium pafupifupi mamiligramu 1,300 pa lita, calcium 420, potassium 400, ndipo milingo imeneyi imafanana kaya muli ku Beira kaya ku Australia. Nsomba za kumeneko matupi awo anazolowera zimenezo. Madzi a pansi pa nthaka kuno aliwonse ali ndi zakezake: ena sulphate wambiri, ena chitsulo, ena fluoride uja amadetsa mano a ana. Mjigo womwewo mu Okutobala ndi mu Febuluwale suli chimodzimodzi.

Mchere wa kukhitchini nawonso ayi. Umenewo ndi sodium chloride basi, wothiramo ayodini. Wa m'dothi uja agogo athu ankatcheza, ayinso.

Mlimi wa ku Ngabu: Basi bizinesi yanga yafera m'mazira.

Achimwene a ku Joni: Bambo a Tadala, ine kuno ndimagwira ntchito yosamalira mathanki oterewa m'nyumba za mabwana, kwathu ndi ku Bangula, ndiye nyengo ya kumeneko ndikuidziwa. Ndinene mosapsatira. Mavidiyo mukuonerawo akujambula anthu a kumaiko ozizira, n'chifukwa chake aliyense akuyamba ndi hita. Inu hita muiwale kaye, mwina mudzaifuna mausiku ochepa a mu Juni ndi Julayi. Mdani wanu ndi kutentha.

Nsomba zimenezi zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27. Akafika 30 zayamba kuvutika, akapitirira pamenepo masiku angapo mukwirira. Nanga ku Nchalo mu Okutobala ndi Novembala panja pamafika 40 n'kupitirira, m'nyumba yamalata usiku wonse makoma akutulutsa moto. Madzi a malita 250 satentha msanga, koma akatentha saziziranso msanga. Onjezani kuti pampu iliyonse ili m'madzimo ikutulutsa kutentha kwake, nyale pamwamba nayonso.

Choopsa n'chakuti madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, ndipo amchere amasunga wochepa kale kuposa a mumtsinje. Pomwe nsomba ikatenthedwa ndi pamene imafuna mpweya wambiri. Mudzaiona cha m'ma 2 koloko masana ili pamwamba, kukamwa yasa, makha akuphupha mofulumira, mtundu wafwifwa. Magetsi akathima nthawi imeneyo pampu n'kuima, simutenga maola ambiri.

Ndiye musanagule ngakhale galasi, tengani ndowa yaikulu ya madzi muike pomwe mukufuna kuika thankipo, muponyemo thermometer. Muzilemba m'mawa, masana ndi usiku kwa sabata ziwiri za ng'amba. Manambala amenewo ndi amene akuuzeni zogula.

Bambo a Tadala, Nchalo: Zikomo achimwene. Ndiye ikaonetsa 32 kapena 33, mathero ake n'chiyani?

Achimwene a ku Joni: Chiller. Ndi kafiriji kamene madzi a m'thanki amadutsamo n'kubwerera ozizira. Ya thanki yanu musatenge yaing'ono kwenikweni imene bokosi likuti ikukwana malita 250, chifukwa opanga amawerengera chipinda chofunda pang'ono chabe, osati cha ku Nchalo. Kwerani saizi imodzi. Mkati mwake mukhale mwa titanium, osati kopa. Ndipo isakhale m'kabati yotseka pansi pa thanki, chifukwa kutentha imachotsa m'madziko imakutayira m'chipinda momwemo. Ikhale pawindo kapena pakhonde pamthunzi, mapaipi alowe pakhoma.

Mayi a Chikondi, Nsanje: Nanga mabotolo a madzi oundana? Ife nkhuku za nyama timazipulumutsa choncho.

Aphunzitsi a sayansi, Chikwawa: Tiwerengere. Botolo la malita 2 louma gwa, likasungunuka lonse mpaka kufunda, limatsitsa malita 250 ndi digiri imodzi yosakwana bwino. Kuchoka pa 32 kufika pa 27 ndi mabotolo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo chipinda chikubwezeretsa kutenthako nthawi yomweyo. Tsiku la ngozi amathandiza. Koma tsiku ndi tsiku miyezi itatu, mayi a Tadala adzakulandani firiji. Komanso kukwera ndi kutsika kwa kutentha kumadwalitsa nsomba kuposa kukhala pa 28 mosasinthasintha.

Fani yowomba pamwamba pa madzi ndiye yotchipa ndipo imagwira ntchito, imatha kutsitsa digiri imodzi mpaka zitatu. Koma imadalira kuti madzi aziuluka, ndiye mu Okutobala mpweya uli wouma imachita bwino, mu Januwale kuli chinyontho imangozungulira.

Madala a ku Bangula: Ana inu mundikhululukire, ine ndine wachikale. Dziko lino lili ndi mbuna. Azungu amalipira ndalama zambiri kuti mbuna za ku nyanja yathu zikwere ndege kupita ku Germany, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere. Lake Malawi National Park inalowa m'ndandanda wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba zomwezi. Inu mukufuna kusiya zimenezo n'kumaitanitsa mchere ku Joni? Mchere! Kugula mchere ndi ma rand kwacha ili mmene ililimu, chigwetsereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023?

Mlimi wa ku Ngabu: Madala alasa.

Bambo a Tadala, Nchalo: Madala, mawu anu ndawamva ndipo ndi oona. Mbuna ndinaziwetapo ndili ku Zomba. Koma mtima uli pa kansomba kaja ka olenji ka mizere yoyera, clownfish. Ana akhala akundikakamiza, inenso ndinakopeka. Munthu ukakonda chinthu umangofuna uyese.

Madala a ku Bangula: Chabwino, ndalama ndi zanu. Koma mudziwe kuti ngakhale mbunazo kuno zimafuna kuziziritsa, nyanja ija sifika kutentha kwa m'nyumba zathuzi. Ine ndikadakhala inu ndikadaika makakana. Aphunzitsi anene ngati ndikunama, nsomba imeneyi imakhala m'madzi amchere.

Aphunzitsi a sayansi, Chikwawa: Simukunama madala. Makakana athu a mu Shire ndi ku Elephant Marsh, Oreochromis mossambicus, amapezekanso kumathiriro a mitsinje ya ku Mozambique, ndipo mukawazoloweza pang'onopang'ono amakhala m'madzi a m'nyanja enieni. Kutentha amapiriranso. Kungoti pabalaza adzakumba mchenga wonse, kugwetsa miyala, kumenyana, kenako alendo adzafunsa kuti nsima ili kuti.

Wamagetsi wa pa Dyeratu: Ndilowepo pa za magetsi, poti ndiye ntchito yanga. Gawani zida zanu pawiri. Zina zikaima nsomba zimafa lero lomwe: pampu yoyendetsa madzi ndi ya mpweya. Zina zitha kudikira maola: nyale, skimmer (makina ochotsa zonyansa m'madzi), ngakhale chiller ngati fani ikuzungulira. Gulu loyambalo likhale pa batire nthawi zonse, osadalira kuti wina ali pakhomo adzalumikiza.

Mapampu a masiku ano ambiri ndi a DC, a 12V kapena 24V, amadya pang'ono. Tinene onse pamodzi ndi fani akudya mawati 30. Batire ya 100Ah ya 12V imasunga 1,200Wh, koma ya asidi simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndiye muli ndi 600Wh. Amenewo ndi maola 20. Mukaika sola yoitchaja masana, mwathana nazo. Chiller ndi nkhani ina, ili ndi kompresa, polira imakoka kwambiri, imafuna inveta yamphamvu ya pure sine wave. Tiinveta totchipa ta pamsika timaotcha kompresa.

Tisaiwale 2022. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale, mamegawati pafupifupi 130 anachoka, ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti abwerere. Konzekerani zoterozo, osati kuthima kwa ola limodzi.

Bambo a Tadala, Nchalo: Sola ndili nayo kale ya mapanelo awiri, imayendetsa TV ndi mababu.

Wamagetsi wa pa Dyeratu: Thanki ikhale ndi batire yakeyake. Tsiku la mpira ana adzamaliza moto, nsomba n'kugona ndi pampu yozima.

China, madzi amchere ndi magetsi ndi adani. Mchere umakwawa. Timadontho tikamathovoka pamwamba timauma n'kusiya chikhungu choyera m'mphepete mwa galasi, chimatsata chingwe mpaka kukalowa mu soketi, mapini n'kuchita dzimbiri lobiriwira. Soketi ikhale pamwamba kuposa madzi kapena pambali patali, chingwe chilichonse chizilendewera kaye pansi chisanakwere ku soketi kuti dontho ligwere pansi. Nyumba ikhale ndi earth leakage yogwira ntchito, switchi ija imathimitsa yokha magetsi moto ukadutsa posayenera. Ndipo poitanitsa muonetsetse kuti ndi za 220 mpaka 240V. Za ku America ndi 110V, mukalumikiza ndi utsi. Za ku Joni moto ndi wofanana ndi wathu, kungosintha pulagi, poti zawo ndi za mapini ozungulira.

Mayi a Chikondi, Nsanje: Ndiye madzi enieniwo atenga kuti, poti a mjigo mwakana? Kuno ku Nsanje anthu amadutsa pa Marka kupita ku Beira, sangabweretse m'zigubu?

Achimwene a ku Joni: Alipo anthu amagwiritsa ntchito madzi a m'nyanja enieni, koma amakatunga kutali ndi gombe. A ku Beira mwawaona mtundu wake? Pungwe ndi Buzi amathira pomwepo, ndi matope okhaokha, kuphatikiza zonyansa za padoko. Komanso ulendo wonsewo m'chigubu padzuwa, tizamoyo ta m'madzimo timafa, pofika ku Nchalo akununkha. Mwezi ndi mwezi simungakwanitse.

Njira ndi iyi: makina a RO osefa madzi a pampopi, kenako mchere wopangira thanki. Mayina odziwika ndi Instant Ocean, Red Sea, Tropic Marin. Pa nsomba zokha wotchipa mwa amenewa akukwana. Mumathira magramu 35 mpaka 38 pa lita, ndiye kudzaza koyamba ndi makilo 9. Kenako sabata ziwiri zilizonse mumachotsa malita 25 n'kuikamo atsopano, pafupifupi kilo imodzi ya mchere. Pachaka chidebe cha makilo 20 sichikwana bwino. Madala aja sananame, imeneyi ndi ndalama yosatha.

Posungunula, madzi ayambe kulowa m'mgolo wapulasitiki, mchere pambuyo, pampu izungulire usiku wonse. Osathira mchere m'thanki muli nsomba.

Aphunzitsi a sayansi, Chikwawa: Pa RO ndionjezere. Pa lita imodzi yabwino imataya malita atatu kapena anayi, ndiye konzani kothirira masamba kapena kuchapira. Imafunanso mphamvu ya madzi, mabaa atatu kapena anayi. Ngati mpopi wanu umangodontha, gulani ya booster pump, kapampu koonjezera mphamvu ya madzi. Madzi a kuno ali ndi mchere wambiri kale, ndiye masefa azitha msanga kuposa mmene bokosi likunenera, itanitsani apadera. Kamita ka TDS, koyeza kuchuluka kwa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi, n'kotchipa, kamakuuzani nthawi yosintha: otuluka azionetsa pafupi ndi 0.

Wina anena za madzi a mvula. A padenga lamalata ayi, amatenga zinc, kuphatikiza fumbi ndi phulusa la nthawi yootcha nzimbe.

Achimwene a ku Joni: Ndipo ichi mulembe pakhoma kuti aliyense m'nyumba adziwe: madzi akaphwa m'thanki, obwezera ndi OPANDA mchere. Chimauluka ndi madzi, mchere umatsala. Ndi fani ija kumeneko muzitaya malita angapo patsiku. Jambulani mzere pagalasi, muzidzaza kufika pamenepo m'mawa ndi madzulo. Thanki yaing'ono imavuta pachifukwa chomwechi, mchere umakwera msanga, ndiye malita 250 mwasankha bwino, musatsike.

Choyezera mchere gulani refractometer, muidonthezera madontho awiri n'kusuzumira kowala. Mulingo ukhale 1.024 mpaka 1.026. Zoyezera zina zapulasitiki za muvi zija kathovu kamodzi kakamatirira pa muvi zimanama.

Bambo a Tadala, Nchalo: Nanga protein skimmer? Ndiye chimene aliyense pa YouTube akuti osayamba popanda icho.

Achimwene a ku Joni: Ndi chabwino koma chingadikire. Ntchito yake ndi kupanga thovu losalala m'chubu, zonyansa zimamatirira ku thovulo n'kukwera m'kakapu pamwamba. Pakatha masiku atatu mumapeza madzi abulauni ngati tiyi wopanda mkaka, m'mbali muli phala lakuda, fungo lake mukatsukira panja. Pa nsomba ziwiri kapena zitatu m'malita 250, kusintha madzi mokhulupirika kukukwana. Ubwino wake kwa inu ndi woti chimalowetsanso mpweya wambiri, ndiye ndalama ikapezeka chigulidwe nyengo yotentha isanafike.

Chomwe sichingadikire ndi mapampu oyendetsa madzi mkati, ma wavemaker. Awiri ang'ono aposa imodzi yaikulu, ina ikafa ina ikugwira. Onse pamodzi azikankha kosachepera malita 2,500 pa ola, imodzi iloze pamwamba kuti madzi azigwedezeka.

Nyale musaonongepo ndalama. Zodula zija ndi za makorali. Nsomba zokha LED wamba yoyera ndi yabuluu basi, ndipo siitenthetsa madzi kwambiri. Makorali ndi anemone, tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala ndi maluwa, kumeneko ine sindikulimbikitsani, amafa msanga ndi kutentha, komanso makorali olimba ali pansi pa CITES, pangano la maiko loteteza zamoyo pa malonda, sadutsa pachipata opanda mapepala. Clownfish yobadwira m'thanki siifuna anemone, imakhala bwinobwino.

Mlimi wa ku Ngabu: Mchenga ndiye musagule, mumtsinje wa Mwanza ulipo wambirimbiri.

Aphunzitsi a sayansi, Chikwawa: Achimwene a ku Ngabu simutopa 😂 Wa mumtsinje uli ndi dothi ndi tizitsulo, yesani kudutsitsamo maginito muone zakuda zomwe zimamatirira. Wofunika ndi wa aragonite (mchenga wochokera ku makorali ndi zigoba) kapena zigoba zogaya, umathandiza pH, muyezo wa asidi m'madzi, kukhala pa 8.1 mpaka 8.4. Mukapeza zigoba zogaya zimene amapatsa nkhuku zoikira, zosasakaniza ndi kanthu, tsukani mpaka madzi ayere, zimagwira. Ikani wochepa, masentimita awiri kapena atatu.

Miyala ndiye sefa yeniyeni ya thanki. Imafunika yopepuka, ya timabowo tambiri, chifukwa m'menemo ndi mmene mumakhala mabakiteriya. Itanitsani youma, makilo 15 mpaka 20. Yamoyo ija, yobwera yonyowa ili kale ndi mabakiteriya, siingapirire ulendo wa basi.

Mukadzaza madzi musaike nsomba. Ponyanimo kachidutswa ka usipa wauwisi kaole. Amoniya, yemwe ndi poizoni kwa nsomba, akwera, kenako mabakiteriya amusandutsa nitrite, poizoninso, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate. Zimatenga sabata 4 mpaka 6. Muziyeza ndi test kit ya madzi amchere, Salifert kapena API, kufikira amoniya ndi nitrite zonse zili pa 0. Galasi ndi miyala zidzachita bulauni pakatipo, musadandaule, zimatha zokha.

Madala a ku Bangula: Mwezi ndi theka kuyang'ana madzi opanda kanthu, chiller ikudya magetsi. Ana a masiku ano.

Achimwene a ku Joni: Nthawi imeneyo chiller atha osayatsa madala, mabakiteriya kufunda amakukonda. Ndipo ndi mpata wabwino woonera mmene thanki ikutenthera popanda choferamo.

Admin: Ndikumbutse za malamulo, poti gulu lino ndi la alimi a nsomba. Kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko muno kumafuna chilolezo cha Dipatimenti ya Usodzi, pansi pa lamulo la Fisheries Conservation and Management Act la 1997. Pitani ku ofesi ya zausodzi ya boma lanu musanatumize ndalama kwa aliyense, akuuzani mapepala ofunika. Ndipo chilichonse cha m'thanki, chamoyo kapena chakufa, chisatayidwe mu Shire kapena m'ngalande.

Achimwene a ku Joni: Zoona a Admin. Ndipo zida ndi mchere zibwere pa basi, koma nsomba ayi. Basi yodzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza imatha masiku awiri, mukachedwa pachipata kuposa pamenepo, katundu ali pansi pafupi ndi injini. Nsomba ndi pa ndege mpaka Chileka, m'bokosi la kaylite, ndipo muzitsika nazo ku Thabwa m'mamawa kapena usiku. Muitanitse pakati pa Meyi ndi Julayi kuti zizolowere kusanatenthe.

Yambani ndi ma clownfish a mtundu wa ocellaris awiri aang'ono obadwira m'thanki. Wamkulu mwa awiriwo adzasanduka wamkazi, ndi mmene zimakhalira nsomba zimenezi. Blue tang ana adzaifuna, mukane, imakula ndipo imafuna thanki yotalika kuposa yanuyo. Ma damsel ndi olimba ndi otchipa koma ndi andewu, mukaika oyamba salola mnzawo kulowa.

Mayi a Chikondi, Nsanje: Zoti yaimuna imasanduka yaikazi ndiye ndazimva lero. Takhuta achimwene.

Bambo a Tadala, Nchalo: Ndathokoza nonse. Thermometer ndigula mawa pa Nchalo pompano ndiyambe za ndowa zija. Funso lotsiriza, wa magalasi uja akuti 6 mm ikukwana. Ndimuuze chiyani?

Achimwene a ku Joni: Mukane. Pa msinkhu wa masentimita 50 ndi utali wa mita, 10 mm, ndi timizere ta galasi tomangira m'mphepete pamwamba. Silikoni akhale wolembedwa kuti ndi wa aquarium, wa kubafa uja ali ndi mankhwala opha nkhungu, amaphanso nsomba. Akamaliza aume sabata yathunthu, muyesere panja ndi madzi wamba masiku atatu musanalowetse m'nyumba.

Wamagetsi wa pa Dyeratu: Ndi choikapo chake musapeputse. Madzi okha ndi makilo opitirira 250, kuphatikiza galasi, miyala ndi mchenga mwadutsa 300. Ngati n'chachitsulo chipakidwe penti wokwanira, apo ayi chaka chimodzi dzimbiri ladya miyendo. Ine ndikadamanga cha njerwa ndi simenti, pamwamba thabwa losalala ndi kaylite. Chiswenso sichingachipeze. Bambo a Tadala, munditumizire ku inbox chithunzi cha bokosi lanu la magetsi ndi cha batire muli nayoyo, ndione ngati earth leakage ilipo.

Bambo a Tadala, Nchalo: Ndikafika kunyumba madzulo nditumiza.